Chitetezo cha Ogwira Ntchito mu Ambulansi Ponyamula Odwala Matenda a Maganizo m'Boma la Mangochi

Nkhani ya lero ikukamba za ntchito imene sitchulidwa kawirikawiri anthu akamakambirana za umoyo m'boma la Mangochi, ndiyo ntchito yonyamula munthu amene wadwala matenda a maganizo kuchokera kumudzi kapena kuchipatala chaching'ono kupita naye kuchipatala cha boma, ndipo nthawi zina kupitirira naye mpaka ku Zomba Mental Hospital. Amene amasenza udindowu ndi dalaivala wa ambulansi, namwino woperekeza, wothandiza odwala m'wodi, komanso wachibale amene kuchipatala amatchedwa gadiyani. Mfundo imene nkhaniyi yatsamirapo ndi yakuti chitetezo cha anthu amenewa sichingalekanitsidwe ndi ulemu wa wodwalayo, pakuti ulendo umene wodwala amachitiridwa nkhanza ndi womwewo umene namwino amavulalira, ndipo zambiri zoteteza onse awiri zimachitika galimoto isanalizidwe.

Kuti vutoli limveke bwino, mpofunika kuyamba ndi kukula kwa bomali. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'boma la Mangochi muli anthu oposa 1.1 miliyoni, ndipo anthuwa amwazikana kuyambira ku Makanjira, kufupi ndi malire a Mozambique, kudzera ku Lungwena ndi Malindi, kukwera mapiri a Namwera ndi Katuli, mpaka kutsidya la kuzambwe ku Monkey Bay, Chembe ndi Chilipa. Zipatala monga St Martin's ku Malindi, Mulibwanji ku Namwera, Koche ndi Monkey Bay Community Hospital zimatumiza odwala amene zalephera kuwathandiza kuchipatala cha boma cha Mangochi, chimene nachonso chimatumiza ku Zomba iwo amene matenda awo akula. Kuchokera pa boma kukafika ku Zomba, kudzera ku Ulongwe, Liwonde, Machinga ndi Domasi, ndi mtunda woposa makilomita 120, ndipo wodwala wochokera ku Makanjira amakhala atayenda kale mtunda wautali pamsewu umene nyengo ya dzinja umavuta kwambiri, mitsinje ikadzaza ndi milatho ikawonongeka. Munthu amene mutu wake wasokonezeka amakhala motero kwa maola ambiri m'galimoto yotentha, yogwedezeka, pakati pa anthu amene mwina sakuwadziwa, ndipo maola amenewa ndi amene ngozi imabadwiramo.

Chifukwa chimene ulendowu umatalikira chili m'mbiri ya chithandizo cha matenda a maganizo m'dziko muno. Malo oyamba osungirako odwala otere adatsegulidwa ku Zomba mu 1910 ngati mbali ya ndende, ndipo chipatala chodziimira pachokha chidatsegulidwa mu 1953, chimene mpaka lero ndicho chipatala chachikulu cha boma cha matendawa. Bungwe la St John of God limathandizanso ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma kwa munthu wa ku Mangochi njira yodziwika ndi ya ku Zomba. Chiyambi cha m'ndendechi chidasiya chizolowezi choona wodwala maganizo ngati womangidwa, ndipo chizolowezicho chikuonekerabe pamene wodwala afika pachipatala atamangidwa manja ndi miyendo ndi chingwe cha ukonde, mphira ya chubu kapena unyolo, khamu la anthu likumutsatira pambuyo.

Galimoto imene imagwira ntchitoyi nayo iyenera kuonedwa bwino. Ma ambulansi ambiri a m'maboma ndi a mtundu wa Toyota Land Cruiser, amene adasankhidwa chifukwa cholimba m'misewu yoipa, ndipo kumbuyo kwake kumakhala machira, benchi yoyang'ana cham'mbali, ndi chitseko chimene munthu angathe kutsegula ali mkati. Ambiri mwa iwo alibe chotchinga cholimba pakati pa dalaivala ndi odwala, kotero kuti dzanja la munthu wochita mantha lingathe kufika pa khosi la dalaivala kapena pa chiwongolero galimoto ili pa liwiro. M'kati momwemo mumakhalanso jeki, sipanala ya mateyala, silinda ya mpweya, sizasi ndi majakisoni, zinthu zimene pa ulendo wa mayi woyembekezera sizidetsa nkhawa, koma pa ulendo uno zingasanduke zida ngati zasiyidwa poyera. Ngozi yaikulu pa ulendo wotere kawirikawiri siikhala nkhonya, koma galimoto kugubuduzika chifukwa dalaivala wasokonezedwa, kapena wodwala kudumpha pachitseko chakumbuyo galimoto ikuyenda.

Pamenepa mpofunika kunena choonadi chimene akatswiri a matendawa amagwirizanapo, chakuti anthu ambiri odwala maganizo sachitira anzawo chiwawa, ndipo iwo ndi amene amachitiridwa nkhanza kawirikawiri kuposa mmene amachitira ena. Chiwawa chikachitika, nthawi zambiri gwero lake limakhala mantha. Pali kusokonezeka kwa maganizo kumene kumachititsa munthu kumva mawu amene ena sakuwamva, kapena kukhulupirira kotheratu kuti anthu amupangira chiwembu, ndipo munthu woteroyo akaona amuna anayi akumugwira ndi kumukankhira m'galimoto amatsimikiza kuti zimene ankaopa zija zayamba kuchitika. Palinso matenda amene amapatsa munthu mphamvu zopyola muyeso, osagona masiku angapo, kuyankhula kosalekeza ndi kupsa mtima msanga akaletsedwa kanthu. Mowa, makamaka kachasu, pamodzi ndi chamba zimakulitsa chiopsezo, monganso zimachitira kwa munthu amene alibe matenda alionse. Wogwira ntchito amene wamvetsa kuti akulimbana ndi mantha amasankha njira zochepetsa manthawo, pamene amene akuganiza kuti akulimbana ndi mdani amathamangira mphamvu, ndipo mphamvuzo zimabala mphamvu zinzake.

Chitetezo choyamba, motero, ndi kupima wodwala asanakwezedwe. Si munthu aliyense wobwebweta ndi wolusa amene ali ndi matenda a maganizo, chifukwa pali kusokonezeka kwadzidzidzi kumene kumadza thupi likadwala kwambiri, ndipo zizindikiro zake ndi zakuti munthu sadziwa kumene ali ngakhale tsiku, amasinza kenaka nkudzidzimuka, ndipo vuto lake limakula usiku. M'dera la m'mphepete mwa nyanja, kumene malungo ndi ochuluka, malungo ofika ku ubongo angachititse zimenezi, monganso matenda oumitsa khosi, amene amagwira kwambiri anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika chifukwa cha HIV, kutsika kwa shuga m'magazi, kuvulala m'mutu, kusiya mowa mwadzidzidzi kwa chidakwa, ndi chizumbazumba chimene chimatsatira kugwa kwa khunyu. Munthu wotere akatumizidwa ku Zomba Mental Hospital osayezedwa kutentha kwa thupi, kuthamanga kwa magazi, shuga ndi malungo, angathe kumwalira panjira, ndipo namwino woperekeza ndiye amatsala ndi mtembo, mafunso a achibale ndi chisoni chimene sadachiyambitse. Kuyeza kwa mphindi zochepa kumeneku kumasonyezanso ngati ulendowo ukufunikadi, pakuti odwala ena amachira m'wodi ya chipatala cha boma matenda a m'thupi akachizidwa.

Chachiwiri ndi uthenga umene woperekeza ayenera kulandira asananyamuke. Kalata yotumizira wodwala ndi buku lake la kuchipatala ziyenera kunena ngati adavulazapo munthu, ngati adayesapo kudzipha kapena kuthawa, mankhwala amene wapatsidwa, mlingo wake ndi nthawi imene adabayidwa. Achibale amadziwa zimene buku silinena, monga munthu amene wodwalayo amamumvera, munthu amene akumuganizira kuti ndiye wamulodza, ndi mawu amene amamupsetsa mtima, ndipo nkulakwa kusankha kukhala gadiyani munthu amene wodwalayo akumuona ngati mdani wake. Asanakwere, wodwala ayenera kupemphedwa mwaulemu kuti asiye chilichonse chakuthwa, monga mpeni, lezala, mbedza kapena msomali, ndipo amufufuze m'matumba ndi munthu wofanana naye, mwamuna kwa mwamuna ndi mkazi kwa mkazi, pamalo obisika. Chipatala cholandira chiyenera kuimbiridwa foni pasadakhale, kuti galimoto ikafika isaime pageti nthawi yaitali wodwala akutopa ndi kukwiya.

Chachitatu, chimene chili chofunika kwambiri, ndi luso loziziritsa mtima wa munthu ndi mawu. Luso limeneli limafuna kuti khamu loonerera libalalitsidwe, kuti woyankhula ndi wodwalayo akhale munthu mmodzi yekha, ataima chapatali pang'ono ndi cham'mbali, manja ake akuoneka, mawu ake ali otsika ndi ziganizo zake zili zazifupi. Wodwala aitanidwe monga aitanidwira munthu wolemekezeka kwawo, kuti bambo, mayi, achimwene kapena achemwali, ndipo m'midzi ya Ayao dzina lake litsogozedwe ndi Che monga mwa mwambo. Popeza anthu ambiri a ku Mangochi chiyankhulo chawo cha kubere ndi Chiyao, ndipo munthu wosokonezeka amamva msanga chiyankhulo chimene adakulira, mpofunika kuti pa gulu loperekeza pakhale wodziwa Chiyao. Wodwala auzidwe zoona za kumene akupita ndi chifukwa chake, pakuti bodza lakuti akungopita kukaona abale limaululika galimoto ikangopitirira Liwonde, ndipo kuyambira pamenepo sakhulupiriranso munthu aliyense m'galimotomo. Kumupatsa madzi, chakudya, mpata wopita kuchimbudzi, ndi mwayi wosankha zinthu zazing'ono monga mbali imene akhale, kumamubwezera maganizo akuti akadali munthu wowerengedwa, ndipo munthu wodziona wowerengedwa salimbana kwambiri.

Mawu akalephera pamabwera mankhwala, amene ali ndi ubwino wake komanso zoopsa zake. Mankhwala odziwika m'zipatala za m'dziko muno ndi chlorpromazine, haloperidol ndi diazepam, ndipo lamulo labwino ndi lakuti wodwala ayambe wapemphedwa kumwa mapiritsi, jakisoni nkubwera pokhapokha akakana ndipo pali chiopsezo chenicheni. Chlorpromazine angagwetse kuthamanga kwa magazi mpaka munthu kukomoka akaimirira, diazepam angafooketse kupuma makamaka mwa munthu amene wamwa mowa, ndipo haloperidol angaumitse minofu ya khosi, nsagwada ndi lilime. Pa chifukwa chimenechi wodwala amene wabayidwa ayenera kuyang'aniridwa kaye pachipatala mpaka mankhwala atakhazikika, ndipo panjira woperekeza ayenera kukhala wodziwa kuwerenga kapumidwe ndi kugunda kwa mtima, ali ndi zipangizo zothandizira kupuma. Kubaya munthu mankhwala ochuluka kuti agone ulendo wonse, kenaka kumusiya ndi gadiyani yekha kumbuyo namwino atakhala kutsogolo, kumachotsa ngozi imodzi ndi kuikapo ina yoposa.

Kugwira kapena kumanga wodwala ndi njira yotsiriza, yogwiritsidwa ntchito kwa nthawi yochepa, ndi anthu okwanira amene adaphunzitsidwa, mmodzi wa iwo akuyang'anira mutu ndi kapumidwe. Choopsa kwambiri ndi kugoneka munthu chafufumimba ndi kumutsamira pamsana kapena pakhosi, chifukwa chifuwa chimalephera kufutukuka ndipo munthu amatha mpweya ngakhale akuonekabe ngati akulimbana. Ku Britain, David Bennett adamwalira mu 1998 m'chipatala cha mumzinda wa Norwich atagonekedwa motero kwa nthawi yaitali, ndipo imfa ya Olaseni Lewis mu 2010, apolisi atamupanikiza m'chipatala cha Bethlem ku London, idachititsa kuti mu 2018 dzikolo likhazikitse lamulo lokakamiza zipatala za matenda a maganizo kulemba ndi kufotokoza nthawi iliyonse imene zagwiritsa ntchito mphamvu. M'chaka chomwecho dzikolo lidakhazikitsanso lamulo lokhwimitsa chilango kwa omenya ogwira ntchito zadzidzidzi, kuphatikizapo a mu ambulansi, zimene zikusonyeza kuti kuteteza wodwala ndi kuteteza wantchito kungathe kuyendera limodzi. Chingwe cha nayiloni chimadula khungu ndi kutseka magazi, choncho ngati kumanga sikungapeweke pagwiritsidwe ntchito malamba ofewa ndi otambalala, wodwala atagona chagada mutu utakwezedwa kapena cham'mbali, manja ndi mapazi zikuonedwa pafupipafupi, ndipo amasulidwe akangodekha.

Pa ulendo weniweniwo pali malamulo ochepa amene mtengo wake ndi wochepa koma phindu lake ndi lalikulu. Wodwala asakhale kutsogolo kapena kumbuyo kwenikweni kwa mpando wa dalaivala, ndipo woperekeza akhale pakati pa iye ndi chitseko, aliyense atamanga lamba kumene malamba alipo. Zida zonse zitsekeredwe m'bokosi, sailini isalizidwe popanda chifukwa pakuti phokoso lake limawonjezera mantha, ndipo dalaivala ndi namwino agwirizane pasadakhale mawu amodzi amene akanenedwa galimoto iyenera kuima pambali nthawi yomweyo. Dalaivala ayenera kukhala ndi ufulu woimitsa galimoto ndi wokana kunyamuka ngati woperekeza palibe, popanda kuopa chilango, ndipo iyenso ayenera kuphunzitsidwa, popeza nthawi zambiri maphunziro amapita kwa anamwino ndi makiliniko ofesa okha, iye amene wagwira miyoyo ya onse m'manja mwake nkuiwalika. Wodwala wamkazi aperekezedwe ndi mkazi mnzake, zimene zimateteza iye komanso zimateteza wantchito wamwamuna ku milandu yomunamizira. Ulendo ukonzedwe masana ngati nkotheka, foni ili ndi moto ndi mayunitsi. Kuchepa kwa mafuta ndi magalimoto kumakakamiza maboma ambiri kuphatikiza odwala osiyanasiyana pa ulendo umodzi, koma munthu amene walusa kumene sayenera kukwezedwa pamodzi ndi mayi wapakati kapena mwana wa pa diripi, chifukwa namwino mmodzi sangathe kusamala onsewo zinthu zikavuta.

Apolisi ali ndi malo awo pa ntchitoyi, makamaka pamene munthu wanyamula chida kapena wavulaza kale wina, koma kupezeka kwawo kuyenera kuganiziridwa mosamala, chifukwa yunifolomu, mfuti ndi unyolo zingatsimikizire wodwala kuti akumangidwa. Chofunika ndi chakuti chipatala ndi polisi agwirizane pasadakhale nthawi imene wapolisi angaitanidwe, ndi kuti ngakhale iye alipo, wotsogolera ulendo akhale wachipatala.

Malamulo a dziko lino amapereka maziko a zonsezi. Gawo 19 la Malamulo Aakulu a dziko la Malawi limateteza ulemu wa munthu aliyense ndi kuletsa nkhanza ndi mchitidwe wonyozetsa, ndipo gawo 31 limapereka kwa aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka, kotero kuti wodwala ndi namwino akutetezedwa ndi buku limodzi. Pali lamulo la 1997 la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro pa malo a ntchito, ndi lamulo la 2000 la chipukutamisozi kwa ovulala pa ntchito. Mu 2009 Malawi adavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene limakhudzanso odwala maganizo, ndipo mu 2025 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la umoyo wa maganizo lolowa m'malo mwa lamulo lachitsamunda la 1948. Komabe lamulo limathandiza pokhapokha zochitika zikulembedwa. Antchito ambiri akalumidwa, akamenyedwa kapena akaopsezedwa amangoti ndi mmene ntchito ilili, ndipo chifukwa chosalemba, oyang'anira sadziwa kukula kwa vutolo ndipo saikapo ndalama. Wantchito wolumidwa mpaka kutuluka magazi ayenera kutsukidwa bala ndi kupimidwa msanga ngati akufunika mankhwala oteteza ku HIV, amene amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndiponso ayenera kupatsidwa mpata wofotokoza zimene zamuchitikira, chifukwa mantha osasamalidwa ndi amene mawa amasanduka nkhanza kwa wodwala wotsatira.

Anthu a ku Mangochi, amene ambiri ali ndi abale ogwira ntchito ku Joni, angakumbukire zimene zidachitika m'chigawo cha Gauteng ku South Africa mu 2016, pamene odwala maganizo oposa 1,000 adasamutsidwa mothamanga kuchoka m'zipatala za Life Esidimeni kupita kumalo osakonzeka, ena atanyamulidwa m'magalimoto osayenera ndi opanda mabuku awo a kuchipatala, ndipo 144 adamwalira. Phunziro lake ndi lakuti kusamutsa wodwala ndi gawo la chithandizo, lofuna dongosolo monga opaleshoni, ndipo pamene akuluakulu aliona ngati nkhani ya mayendedwe chabe, amene amavutika ndi wodwala pamodzi ndi wantchito wapansi.

Chitetezo chachikulu koposa ndi kuchepetsa maulendo amene akadapeweka. Odwala ambiri amene amafika polusa ndi amene adali bwino pa mankhwala, kenaka mankhwalawo adasowa pachipatala chapafupi, kapena adalephera ndalama ya kabaza yokatengera, kapena abale adayamba azungulira nawo kwina kwa miyezi matenda akukula. Bungwe la World Health Organization lidayambitsa mu 2008 ndondomeko ya mhGAP, imene cholinga chake ndi kuphunzitsa azachipatala wamba kuzindikira ndi kuchiza matenda a maganizo m'zipatala zazing'ono, ndipo ku Mzuzu koleji ya St John of God imaphunzitsa makiliniko ofesa a matendawa. Alangizi a zaumoyo a m'midzi, mafumu, mashehe, abusa ndi asing'anga ndi amene amaona munthu akayamba kusagona, kudzipatula kapena kuyankhula yekha, ndipo akamutumiza kuchipatala pa nthawi imeneyo amapita akuyenda yekha, popanda chingwe ngakhale ambulansi. Bungwe la MeHUCA, la odwala maganizo ndi owasamalira, lingathandizenso pophunzitsa antchito, chifukwa amene adanyamulidwapo atamangidwa amadziwa chimene chidawaopsa ndi chimene chidawakhazika mtima pansi.

Zimene zikufunika kwa akuluakulu a zaumoyo ndi Khonsolo ya Mangochi ndi zodziwikiratu ndipo zambiri sizilira ndalama zochuluka: ndondomeko yolembedwa ya kanyamulidwe ka odwala maganizo imene chipatala chilichonse chili nayo, chotchinga kumbuyo kwa dalaivala ndi loko wa chitseko chakumbuyo, malamba ofewa m'malo mwa zingwe, maphunziro obwerezabwereza amene madalaivala ndi othandiza odwala akuwerengedwamo, buku lolembamo ngozi iliyonse, ndi mankhwala osadukiza m'zipatala za ku Makanjira, Namwera, Chilipa ndi Monkey Bay. Kwa mabanja pempho ndi lakuti abwere ndi wodwala msanga, anene zoona zonse kwa namwino, ndipo asankhe gadiyani amene wodwalayo amamukhulupirira. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo matenda a maganizo sasankha msodzi, mphunzitsi, shehe kapena namwino amene, choncho dongosolo limene boma la Mangochi lingakonze lero lidzateteza aliyense amene adzakwere galimoto imeneyi, kaya ngati wantchito kaya ngati wodwala.